Donald Davies, Munthu Amene Anadula Uthenga M'mapaketi

Mwa anthu otchuka amene timaphunzira mbiri yawo m'kalasi, ochuluka ndi mafumu, asilikali ndi azungu oyendayenda. Ife a kuno sitisowa wotiuza za Mfumu Makanjira ndi nkhondo zake ndi Harry Johnston, kapena za Captain Maguire amene anaphedwa m'mbali mwa nyanja ino mu Disembala 1891, pakuti dzina lake lidakalipo pa Fort Maguire. Koma munthu amene ndifuna kuti timdziwe m'tsamba lino sanali mfumu, sanalinso msilikali. Anali munthu wa masamu, dzina lake Donald Watts Davies. Ndikhulupirira kuti ambiri a ife sitinalimvepo dzinali, chikhalirecho yense amene anatumizapo uthenga pa WhatsApp kwa mbale wake wa ku Johannesburg, kapena kuona chithunzi cha mwana wobadwira ku Blantyre iye ali khale pansi pa mtengo ku Mpilipili, anapindula ndi nzeru za munthu ameneyu osadziwa.

Davies anabadwa pa 7 Juni 1924 m'tauni ya Treorchy, m'chigwa cha Rhondda m'dziko la Wales, kumene anthu ambiri anali kudalira migodi ya malasha. Anabadwa mapasa, iye ndi mlongo wake. Atate awo anali kalaliki pa mgodi, koma anamwalira anawo akadali makanda. Tsono mayi awo anawatenga nabwerera nawo kwawo ku Portsmouth, mzinda wa padoko kummwera kwa England, ndipo kumeneko ndiko mnyamatayo anakulira nalowa sukulu. Anzathu oleredwa ndi mayi okha, amene sali owerengeka pakati pathu, adziwa okha mmene banja lotere limakhalira.

Mutu wake unali wakuthwa ndithu. Analowa Imperial College ku London, ndipo mu 1943, ali ndi zaka 19 zokha, analandira digiri ya fizikisi. Popeza Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inali mkati, boma linamtumiza ku Birmingham kukathandiza akatswiri amene anali kuwerengetsa mobisa masamu a bomba la atomiki. Wamkulu amene Davies anali kumthandiza anali Klaus Fuchs, yemwe uja anamangidwa mu 1950 chifukwa chopereka zinsinsi za bombalo kwa anthu a ku Russia. Nkhondo itatha Davies anabwerera ku Imperial College nayambanso maphunziro ena, a masamu, nawamaliza mu 1947 ali woyamba pa anzake, napatsidwa mphotho ya Lubbock.

Chaka chomwecho analembedwa ntchito ku National Physical Laboratory, mwachidule NPL, ku Teddington pafupi ndi London. Awa ndi malo a boma oyeserako zinthu za sayansi. Kumeneko Alan Turing, katswiri wamkulu wa masamu, anali atalemba dongosolo la makina owerengera otchedwa ACE. Mnyamata watsopanoyo anawerenga pepala lotchuka limene Turing analemba mu 1936, napezamo zolakwa zingapo, ndipo m'malo mokhala chete anapita kukamuonetsa mwini wake. Turing sanakondwe nazo. Ife amene tinayesapo kuuza aphunzitsi kuti pabolodi pali nambala yolakwika tingathe kuyerekeza mmene nkhope zinaonekera tsikulo. Turing anachoka ku NPL makinawo asanamangidwe, koma kagulu kotsala, Davies ali momwemo, kanamanga ena ocheperapo otchedwa Pilot ACE, amene anayamba kugwira ntchito mu Meyi 1950. Anali ndi mavavu agalasi pafupifupi 800, ndipo pa nthawiyo anali amodzi mwa makompyuta othamanga koposa padziko lonse.

Zaka zotsatira Davies anagwira ntchito zosiyanasiyana. Anayesa kugwiritsa ntchito kompyuta pofufuza mmene magalimoto amadzazirana mumsewu, nayesanso kuiphunzitsa kumasulira chinenero cha ku Russia m'Chingerezi. Anakwatira mu 1955, ndipo m'banjamo munabadwa ana atatu. Akadalekera pomwepa, bwenzi lero sitikumlemba m'magazini ino.

Mu 1965 anapita ku America, nakaona pa sukulu yaikulu ya MIT chinthu chimene chinali chachilendo masiku amenewo: kompyuta imodzi ikutumikira anthu ambiri nthawi imodzi. Yense anali ndi makina ake onga taipi, ndipo kompyutayo inali kumpatsa aliyense kamphindi kake motsatana, mofulumira kotero kuti munthu anali kuyesa kuti kompyuta yonseyo ndi yake. Amene anali kutali anali kuifikira kudzera pa waya wa lamya. Apa ndi pamene Davies anaona vuto limene anthu ambiri anali kungolizolowera.

Lamya ya masiku amenewo inali kuyenda chonchi. Munthu akafuna kulankhula ndi mnzake, mawaya anali kulumikizidwa kuyambira kwa iye mpaka kwa mnzakeyo, ndipo njira yonseyo inali ya awiriwo kufikira atamaliza. Kwa anthu ocheza zimenezi zili bwino, chifukwa wina akatonthola mnzake ayankhula. Koma munthu wa pa kompyuta alemba mzere umodzi, nakhala chete kuganiza, kompyuta imyankha m'kuphethira kwa diso, kenaka zii. Nthawi yonseyo waya ungokhala, ndalama zikupita, ena akudikira. Zili monga munthu wochita hayala lole yathunthu kuchokera ku Mangochi kudza kwa Makanjira, ulendo wa makilomita pafupifupi 100, kuti inyamule kathumba kamodzi ka mchere, naletsanso ena onse kuyenda mumsewumo mpaka loleyo itafika.

Inalipo njira ina yakale yotumizira mawu, ndipo inadutsa m'boma lathu lomwe lino. Kampani ya Cecil Rhodes yotchedwa African Transcontinental Telegraph, imene inayamba mu 1892, inamanga waya wa telegalamu wodzera ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Fort Johnston, ndilo dzina lakale la Mangochi, nufika ku Karonga chaka cha 1900 chisanakwane. Pa telegalamu ya ulendo wautali palibe amene anali kugwira njira yonse. Kalaliki wa pa siteshoni anali kulandira uthenga, kuulemba, kuyang'ana kumene ukupita, ndi kuupereka kwa mnzake wa kutsogolo waya ukapata mpata. Njira imeneyi siwononga waya. Choipa chake ndi chakuti uthenga wautali ukatsogola, waufupi uyenera kudikira pambuyo pake, ngakhale utakhala wa maliro.

Davies anatenga njira ya telegalamuyi naichotsa choipa chakecho. Mu Novembala 1965 analemba maganizo ake papepala. Anati uthenga uliwonse, wautali kapena waufupi, udulidwe m'tizidutswa ting'onoting'ono, kalikonse kokhala ndi keyala ya kumene kakupita. M'mphambano za mawaya, m'malo mwa akalaliki, mukhale makompyuta ang'ono amene ntchito yawo ndi imodzi basi: kulandira kachidutswa, kuwerenga keyala, ndi kukaponya msanga pa waya woyenera. Potero tizidutswa ta anthu ambiri tiyenda mosakanikirana pa waya umodzi, ndipo palibe amene atsekereza mnzake nthawi yaitali.

Kuti timve bwino, tiyese kuti munthu wa ku Mangochi afuna kutumiza matumba 20 a chimanga kwa mayi ake kwa Makanjira. Hayala aileka. Pa thumba lililonse alemba dzina la mayiwo, dzina lake, ndi nambala, kuyambira 1 mpaka 20. Galimoto ya matola iliyonse yokhala ndi malo itengako awiri kapena atatu pamodzi ndi katundu wa anthu ena. Pa Malindi kapena pa Lungwena matumba ena atsitsidwa nakwezedwa pa galimoto ina. Mlatho ukakokoloka, monga tidziwa kuti zimachitika dzinja, otsalawo adzera panyanja pa boti. Thumba la 15 lingathe kufika la 8 lisanafike, koma zilibe kanthu, pakuti mayiwo awasanja potsata manambala. Akapeza kuti la 13 palibe, atumiza mawu kuti litumizidwenso lokhalo. Pano pokha ndi pamene fanizoli litsimphina, chifukwa chimanga chikatayika chatayika, pamene kompyuta yotumiza imasunga kachidutswa kalikonse kufikira itamva kuti kafika.

Kachidutswa ka Davies kanali ka mabiti 1024. Biti ndi 0 kapena 1, zizindikiro ziwiri zokha zimene kompyuta imadziwa, ndipo mabiti 8 apanga chilembo chimodzi. Chotero kachidutswa kamodzi kanali kunyamula zilembo ngati 128, kuchepera pa uthenga umodzi wa SMS. Dzina lake anaganiza nalo mofatsa. Anafuna liwu lalifupi limene lingalowe m'zinenero zina mosavuta, ndipo atafunsa katswiri wa zinenero wa pa NPL pomwepo anasankha liwu lakuti packet. Sanaphonye, pakuti ngakhale ife a Chichewa tinali nalo kale liwuli. Ndani sadziwa paketi ya shuga?

Mu Malichi 1966 Davies anafotokoza maganizo ake pamsonkhano ku NPL, anthu oposa 100 akumvetsera. Atatha kulankhula, munthu wina wa ku unduna wa za chitetezo anamtengera pambali namuuza kuti ku America kuli munthu amene analemba kale zofanana ndi zimenezi. Munthuyo anali Paul Baran wa bungwe la RAND, amene mabuku ake pa nkhaniyi anatuluka mu 1964. Baran anali kufuna mawaya amene angapitirize kunyamula mauthenga a asilikali ngakhale mizinda ina itaphulitsidwa ndi mabomba a atomiki. Chodabwitsa ndi chakuti nayenso anasankha mabiti 1024, ngakhale awiriwa sanali kudziwana. Taganizani mmene munthu angamvere atalima munda wonse ndi kumva kuti wina anayamba kale kuulima mbali inayo. Davies sanabise nkhaniyi, ndipo m'zolemba zake za pambuyo pake anali kumtchula Baran. Koma cholinga chake chinali china. Iye sanali kuganiza za nkhondo. M'mapepala ake oyambirira anatchula kale ntchito monga za kubanki, kugula katundu ndi kusungitsa malo paulendo, zimene anthu wamba adzazichita pa mawaya amenewa. Pa ichi ndiona kuti Davies anapenya patali kuposa anzake, chifukwa ndizo tichita lero.

Tsono chimene anafunitsitsa chinali chakuti dziko la Britain limange netiweki yotere ya dziko lonse. Koma pafupifupi mawaya onse a lamya m'dzikomo anali m'manja mwa Post Office ya boma, ndipo akuluakulu a kumeneko sanafulumire nazo. Anali ataika mtima ndi ndalama zawo pa lamya ya masiku onse. Panapita zaka pafupifupi 10 asanatsegule netiweki yawo yoyesera chabe.

Mbewu imene inakana kumera kwawo inakamera kwa eni ndalama. Mu 1966 Davies anakwezedwa kukhala mkulu wa gawo la makompyuta pa NPL, ndipo mu Okutobala 1967 anatuma mmodzi wa anyamata ake, Roger Scantlebury, ku msonkhano wa akatswiri a mapulogalamu oyendetsa makompyuta ku Gatlinburg m'chigawo cha Tennessee ku America. Pamsonkhanopo panali Larry Roberts, amene boma la America linampatsa ntchito yolumikiza makompyuta a m'masukulu akuluakulu, koma anali asanapeze njira yeniyeni yoyendetsera mauthenga. Atamva pepala la ku NPL anatenga maganizowo pamodzi ndi liwu lakuti paketi, navomeranso uphungu wakuti agwiritse ntchito mawaya othamanga kwambiri, a mabiti 50,000 pa sekondi. Netiweki yake, yotchedwa ARPANET, inayamba kumapeto kwa 1969 ndi malo anayi okha, atatu ku California ndi amodzi ku Utah. Imeneyi ndiyo inakula, nilumikizana ndi zina, kufikira inabala intaneti.

Davies anatsala ndi ndalama zokwanira kumanga netiweki ya mkati mwa mpanda wa NPL basi. Anaimangabe, pamodzi ndi Derek Barber, Scantlebury, Keith Bartlett ndi Peter Wilkinson. Kompyuta yoponya mapaketi inali Honeywell 516, mtundu womwewo umene a ARPANET anasankha. Mu 1976 inali italumikiza makompyuta 12 ndi makina ena 75, ndipo inagwira ntchito mpaka 1986.

Popeza netiweki yaikulu analibe, anaiyerekeza m'kompyuta ndi kuiyesa momwemo, ndipo anafufuza vuto limene eni netiweki yaikulu anali asanakomane nalo kwenikweni. Mapaketi akachuluka kuposa mphamvu ya mawaya, mizere idzaza m'mphambano, ena atayidwa, otumiza awatumizanso, mizere idzazirabe, mpaka zonse ziima. Mankhwala amene iye anapereka anali akuti m'netiweki mukhale ziphaso zowerengeka, ndipo paketi isalowe isanapeze chiphaso chopanda mwini, monga padoko pamene katundu sakwera mpaka bwato lopanda kanthu litabwera. Njira yakeyi sinatsatidwe kwambiri, koma vutolo linafikadi. Mu Okutobala 1986 intaneti inatsamwa, kotero kuti pakati pa malo awiri a ku Berkeley otalikirana mayadi 400 okha, liwiro linatsika kuchoka pa mabiti 32,000 pa sekondi kufika pa 40. Van Jacobson ndiye anakonza zimenezi pophunzitsa kompyuta yotumiza kuti izichepetsa liwiro ikaona kuti mapaketi ake akutayika.

Wina angafunse kuti makompyuta ang'ono a m'mphambano aja ali kuti lero. Ena alipo ooneka ndi maso, mabokosi okhala ndi makomo a mawaya otchedwa router ndi switch. Koma ambiri saoneka, chifukwa anasanduka mapulogalamu. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yoiyendetsa, yotchedwa operating system, monga Windows kapena Linux. M'kati mwake muli timapulogalamu totchedwa driver, osati wa galimoto ayi, koma kapulogalamu kodziwa kulankhula ndi chipangizo chimodzi. Paketi ikafika pa waya kapena pa mphepo, driver ndiye ailandira naiika pamzere, ndipo operating system iwerenga keyala ndi kuona ngati paketiyo ndi ya pakhomo pomwepo kapena ndi yongodutsa. Mnzathu akatsegula hotspot pa foni yake kuti ena atatu alowe pa intaneti, foniyo yasanduka kalaliki wa pa Fort Johnston: ilandira mapaketi a anthu atatu, iwapereka kutsogolo, ndi kubwezera yense mayankho ake osasokoneza.

M'nyumba zazikulu zosungiramo makompyuta a mabanki ndi makampani, zinthu zinapitirira apa. Kompyuta imodzi yamphamvu imagawidwa kukhala makompyuta ambiri ongoyerekeza, iliyonse ndi keyala yake, ngati nyumba imodzi ya alendi ambiri yokhala ndi khomo limodzi lotulukira kumsewu. Pakati pawo palibe waya ngakhale umodzi, chotero switch yowalumikiza nayonso ndi pulogalamu. Imasunga kaundula wa makeyala. Paketi ikalowa, switch ilemba kuti wotumizayo akhala kuchipinda chakuti. Ikafika paketi ya keyala imene siili m'kaundula, iitumiza ku zipinda zonse, ndipo mwini wake akayankha, imlemba nayenso. Paketi yochokera kwa mlendi wina kupita kwa mnzake wa m'nyumba momwemo siituluka kunja konse. Woyang'anira angathenso kuika malamulo akuti alendi awa asaone mapaketi a alendi awo, kapena kuti mmodzi asadye khomo lonse yekha. Imodzi mwa mapulogalamu otere, Open vSwitch, inalowetsedwa m'kati mwa Linux mu 2012. Zimenezi anazikonza ndi anthu ena Davies atachoka kale pa ntchitoyi, koma zonse zaima pa paketi yokhala ndi keyala, ndipo mzere ukadzaza mapaketi amatayidwabe, monga iye anaonera.

Mu 1973 Davies ndi Barber anatulutsa buku lakuti Communication Networks for Computers, limene akatswiri ambiri a nthawiyo anaphunziramo. Mu 1979 anatula pansi udindo wake wa ukulu kuti abwerere ku ntchito yofufuza, imene anaikonda kuposa misonkhano ya mu ofesi. Anatembenukira ku funso limene ntchito yake yoyamba inabala: ngati uthenga wa ndalama udutsa m'manja mwa makompyuta ambiri a eni ake, tidzautchinjiriza bwanji kwa akuba? Anakhala katswiri wa kabisidwe ka mauthenga, napeza malo ofooka m'njira ya DES imene mabanki anali kuidalira, ndipo atapuma pa ntchito mu 1984 anapitiriza kulangiza mabanki. Analandira ulemu wa CBE mu 1983, nasankhidwa kulowa Royal Society mu 1987.

Intaneti inayamba kugulitsidwa kwa anthu kuno ku Malawi mu 1997, iye akadali moyo. Koma m'zaka zomwezo, pamene dziko lonse linali kufunsa kuti anayambitsa intaneti ndani, mabuku ndi manyuzipepala ambiri anali kutchula anthu a ku America okha, ndipo ena anali kudzitengera ulemu wa ganizo la mapaketi. Davies, amene sanali munthu wodzikweza, anaona kuti akakhala chete mbiri idzapotoka. Ali kudwala khansa anawerenganso mapepala akale a onse okhudzidwa, nalemba nkhani yosanthula zimene yense analemba ndi chaka chake. Anamwalira pa 28 Meyi 2000 ku Esher, kutatsala masiku 10 kuti akwanitse zaka 76. Nkhani yakeyo inasindikizidwa mu 2001 m'magazini ya The Computer Journal, ndipo mu 2013 anthu a ku Treorchy anakhoma chikwangwani cha dzina lake m'tauni imene anabadwira.